Kumanja kwa Ndani?

Ana anga, za ubwana wanga ndakuuzani mpaka makutu anu anatopa, ndiye pano ndiyambila pa nchito. Ndinene pachiyambi pomwe kuti ine amai anu sindikhulupilila munthu msanga. Malemu bambo anu ankati ngakhale dzila ndimayamba ndaligwedeza pakhutu ndisanagule. Khalidwe limeneli linanditeteza zaka zambili, koma kamodzi linaipitsa dzina la munthu wosalakwa, a Sakala a ku Nyimba. Nkhani yake mwakhala mukuimva zidutswazidutswa, lelo muimve yonse kuchokela kwa mwini wake.

Nyimba, chaka changa choyamba pa nchito

Ndinayamba ngati wothandiza m'labu ya kachipatala kena ka mishoni kufupi ndi Nyimba. Nchito yanga inali kupaka magazi pa timagalasi n'kufufuza tizilombo ta malungo pa maikulosikopu. Zinthu zinkasowa koopsa. Timagalasi tinkatsuka tomweto mpaka titachita zipsela, ndipo magetsi akathima ndinkasendeza makina pawindo kuti ndibweleke kuwala kwa dzuwa. Odwala akachuluka ndinkathandizanso kulemba makadi.

Tsiku lina kunabwela bambo wina diso litatupa. Ndinamuyang'ana, n'kulemba pakadi kuti diso la kumanja. Sisita wamkulu wa pamenepo, mzimai wamfupi amene ngakhale madokotala ankamuopa, anawelenga kadiyo, n'kuyang'ana wodwalayo, kenaka ine.

"Esinati, bwela kuno. Walemba kumanja. Kumanja kwa ndani?"

Ndinaloza ndi dzanja langa la kumanja, poti disolo linali mbali imeneyo.

"Ndiye wodwala ndiwe? Tamvela bwino. Chilichonse chimene chili ndi nkhope n'kukuyang'ana, kumanja ndi kwake, osati kwako. Lelo ndi diso, mailo udzadulitsa munthu mwendo wabwino."

Anandiimika pakhomo tsiku lonse kuti aliyense wolowa ndizimugwila dzanja lake la kumanja n'kulitchula mokweza. Odwala anaseka mpaka ena kuiwala zimene anabwelela. Ine ndinalila kuchimbudzi, koma phunzilo linalowa m'mafupa. Zaka zonse zimene ndinagwila m'zipatala, ku Nyimba ndi ku Petauke, sindinalakwitsenso mbali ya munthu, ndipo ndinkanyada nazo kwambili.

Petauke, Meyi, chaka chimene Tisauke wanga analowa koleji

Nditangopuma pa nchito ya ku chipatala ndinamva kuti kukufunika anthu awili odziwa maikulosikopu. Amene ankafuna anali Dokotala Miti, mzimai wa ku yunivesite ku Lusaka amene makolo ake anali a kuno. Anachita lendi nyumba ya zipinda ziwili kuseli kwa msika, n'kubweletsa mabokosi odzaza ndi timatumba ta matope otuwa. Tauni yonse inatekeseka. Ena ankati ndi golide wa ku Sasare akumuyesa mobisa, ena ankati ndi dothi la kumanda. Ine ndinapita nditamanga nkhope, n'kuwafunsa maso ndi maso.

"A Dokotala, musandilowetse m'milandu. Matopewa ndi a chiyani kwenikweni?"

Anaseka, n'kundikhazika pansi. Anati matopewo anakumbidwa ndi sitima pansi pa nyanja ya mchele, kumwela kwa kumene Zambezi amathila. Amatulutsa ngati ndodo yaitali, pamwamba pali matope a posachedwa, pansi a kalekale anthu asanayambe kulima. Ndodoyo amaidula tizidutswa, kalikonse m'kathumba kake. M'nyanjamo, anatelo, muli mitsinje ya madzi ofunda ndi ya madzi ozizila, yoyenda m'kati mwa madzi anzake. Mtsinje wofunda ukalimba kapena kufooka, mvula ya kumtunda kuno imamva. Iwo ankafuna kudziwa mmene unkasinthila kale, ndipo anasankha kuno chifukwa ankatolanso matope a mu Luangwa, amene amakathela ku nyanja komweko.

"Nanga madzi a kalekalewo munawapima bwanji, munalipo?" ndinafunsa.

Anandionetsa pa makina. Mayo ine! Fumbi limene ndinkaliyesa mchenga linali tizigoba toyela, tozungulila ngati nkhono, tating'ono kuposa kambewu ka fodya. Anati ndi nyumba za tizilombo timene tinkayandama m'nyanja, tikafa n'kumila. Mtundu umene tinkafuna umazungulila mbali ina madzi akakhala ofunda, mbali inanso akakhala ozizila. Ukawelenga kuti ta kumanja ndi tingati, ta kumanzele tingati, m'kathumba kalikonse kuyambila pansi mpaka pamwamba, nyanja yakuuza yokha nthawi imene inafunda ndi imene inazizila.

"N'zosavuta," anatelo. "Kagubuduzeni ndi bulashi mpaka pakamwa pake pakuyang'aneni. Pakamwa pakakhala kumanja, lembani kumanja. Pakakhala kumanzele, kumanzele."

Anakhomanso pepala la chithunzi kuseli kwa chitseko. Ine sindinaliyang'ane n'komwe. Munthu amene anaima pakhomo tsiku lonse chifukwa cha kumanja ndi kumanzele angaphunzitsidwenso ndi pepala?

Mnzanga pa nchitoyo anali a Sakala, bambo wamtali wofatsa, amene kale ankasamala zipangizo za sayansi pa sekondale ina. Anali mkulu wa mpingo kwawo ku Nyimba. Mkati mwa sabata ankagona ku Petauke, Lachisanu n'kukwela basi kupita kwa akazi awo. Ndinamva kumsika kuti ali mnyamata anasefako golide ku Sasare, ndipo nkhaniyo ndinaisunga pamtima. Wachitatu anali a Njovu, amene ankasunga makiyi, kuyendetsa galimoto ndi kutumiza manambala athu ku Lusaka. Iwo pa makina sankayang'ana, ati zimawachititsa chizungulile.

Dokotala anakhala nafe masiku ochepa, n'kuthamangila ku Lusaka kukaphunzitsa. Tinagawana kuti kathumba koyamba kanga, kachiwili ka a Sakala, kachitatu kanga, chonchobe. Tinkatsuka matope pa sefa, kuyanika, kuwaza pa kathileyi kakuda, n'kumatola tizigobato kamodzikamodzi ndi nsonga ya bulashi yonyowa. Madzi a pampopi akasowa tinkatunga pa mjigo. Munthu ukayetsemula, nchito ya tsiku lonse yauluka. A Sakala ankang'ung'udza nyimbo za m'buku osaleka, ine n'kumaluma mano.

Ogasiti, chaka chomwecho

Lachisanu lina ndinaona a Sakala akuthila kanthu m'kabotolo ka mankhwala, n'kukalowetsa m'thumba la jekete. Anayamba ayang'ana kukhomo. Lachisanu lotsatila anachitanso chimodzimodzi. Mumtima ndinati, ehe, fisi angasinthe tchile koma mawanga ndi omwewo, golide uja sanamuiwale.

Posakhalitsa Dokotala anaimba foni, a Njovu n'kuika kuti tonse timve. Mawu awo anali olemela. Anati manambala athu atawaika pa mzele akuoneka ngati mano a sowo yochekela matabwa: kathumba aka nyanja yafunda, kotsatila yazizila, kotsatila yafundanso. Nyanja siichita misala yotele. "Mmodzi wa inu sakuwelenga," anatelo. "Akungolemba za m'mutu. A Njovu, fufuzani, ine ndili pakati pa mayeso a ana."

A Njovu anatiitana mmodzimmodzi m'chipinda chakutsogolo. Anali munthu wokonda kuti nkhani ithe msanga asanadzudzulidwe iwo. Atandifunsa ngati ndaonapo chachilendo, ndinachita ngati ndikukana pang'ono, koma kunena zoona lilime linkandiyabwa. Ndinanena za timabotolo. Ndinawonjezanso za Sasare, zimene sanandifunse n'komwe.

A Njovu anawasecha a Sakala pamaso panga, kabotolo n'kupezeka.

"Ndi zotsala izi, zimene timataya tikatha kuwelenga," anatelo a Sakala. "Ndimakaonetsa amai kunyumba."

"Akazi anu adya mchenga?" anafunsa a Njovu. "Manje munthu wakuba ndi bodza lomwe angalembe. Siyani makiyi a kabati."

A Sakala anatembenukila kwa ine. "Amai Tembo, takhala benchi imodzi miyezi itatu. Munandionapo ndikulemba ndisanawelenge?"

Sindinawaonepo. Koma ndinayang'ana pansi, n'kunena kuti maso anga amakhala pa makina, sindilonda anthu. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka. A Njovu anauza Dokotala kuti wolakwa wapezeka ndipo wagwidwa ndi katundu. Madzulo ake nkhani inali itafika kale pa siteshoni, ndipo basi yoyamba inaipititsa ku Nyimba: Sakala waba golide wa azungu. Mpingo wawo unawaimitsa pa ukulu sabata yomweyo.

Dokotala anati ndibweleze ndekha timatumba tonse ta a Sakala. Ndinabweleza, ndipo mano a sowo aja anathelatu, mzele unayenda bwinobwino. Kodi umboni wina ungapose pamenepo? Ndinayenda mapewa m'mwamba. Dokotala anasangalala kuposa ine, chifukwa mzelewo unkanena zosiyana ndi zimene anzawo a kunja ankaganiza. Pamene iwo ankati nyanja inazizila, wathu unkati inafunda. Anati adzakazinena ku msonkhano waukulu chaka chotsatila, ndipo dzina langa lidzalembedwa pa lipoti.

Nyimba, Novembala

Ndinkapita ku Lusaka kukaona Tisauke, basi n'kuima pa Nyimba monga mwa masiku onse. Ndinatsika kuti ndigule nthochi. Ndili mkati mosankha ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Muli tyani, amai Tembo?"

Anali a Sakala, ataonda, akuthandiza akazi awo kugulitsa. Ndinagwilitsa chikwama changa, poganiza kuti afuna kundichititsa manyazi pagulu. Koma iwo anapisa m'thumba n'kutulutsa chigoba cha nkhono, cha nkhono wamba za m'munda.

"Sindikufuna ndeu. Chinthu ichi chandisowetsa tulo. Ndakhala ndikuyenda nacho kuti tsiku lina ndidzakufunseni." Anachiimika nsonga m'mwamba, pakamwa pake pakundiyang'ana. "Mukanalemba chiyani?"

Ndinaganiza kuti ndi msampha, koma funso linali la mwana wa giledi yoyamba. "Kumanzele," ndinatelo.

"Kumanzele bwanji, amai?" analowelela mzimai wina wogulitsa pafupi. "Si uku kubowo kuli ku dzanja lanu lodyela?"

"Dzanja langa, inde. Koma nkhonoyo ikundiyang'ana, ndiye kwa iyo ndi kumanzele."

Azimai a nthochi anafa nacho chiseko. Wina anati kuyambila liti nkhono kukhala ndi manja. A Sakala sanaseke. Anangondiyang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu, "A Dokotala aja ponena kuti kumanja, ankanena kumanja kwa ndani?"

Funso la Sisita lomwe lija, patapita zaka zonsezo. Kondakitala ankaimba hutala, ine ndinakwela nthochi osagula. Njila yonse mpaka kuwoloka Luangwa ndinkadzilimbitsa kuti munthuyu wandikonzela chiwembu, mwina wagwilizana ndi azimai aja. Ku Lusaka ndinagona masiku awili okha, Tisauke ukukumbukila unandifunsa ngati ndikudwala.

Nditabwelela ku Petauke ndinapita ku labu ndisanafike ndi kunyumba komwe. Ndinatseka chitseko, pepala lija lili pomwepo, litachita fumbi. Panali kachigoba kojambulidwa, pakamwa pake pali ku dzanja langa lodyela, pansi pake atalemba ndi zilembo zazikulu kuti KUMANJA. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkapachika juzi yanga pa msomali wa pamwamba pa pepalalo. A Sakala ankawelenga molondola kuyambila tsiku loyamba. Ine ndinkatenga tizigoba ngati odwala, ndipo nditabweleza timatumba tawo ndinangotembenuza nyanja yonse, yofunda kukhala yozizila, yozizila kukhala yofunda.

Disembala

Ndinakhala nacho milungu itatu. Musandione ngati munthu wolungama, ana anga, ndinaganiza zobisa. Palibe akanadziwa msanga. A Njovu sayang'ana pa makina, Dokotala ali kutali, a Sakala ndani akanawamvela? Ndinaganizanso zongoyamba kulemba molondola mwakachetechete, koma mzele ukanathyoka pakati n'kundiulula. Chimene chinkandiwawa kwambili si nchito iyayi, koma kuti ine Esinati, amene ndinkaloza anzanga chala, ndikhale woseketsa tauni yonse.

Dokotala anabwela sukulu zitatsekela, atanyamula chitenje choti andipatse. Ndisanachilandile ndinaika kachigoba kamodzi pa thileyi n'kuwapempha kuti anene mbali yake. Anasuzumila. "Kumanja." Ndinawapatsa buku langa, pamene ndinali nditalemba kuti kumanzele, n'kuwafotokozela zonse, ndi za Sisita zomwe.

Anagwila kumutu. Kenaka anati, "Amai Tembo, mukanachedwa miyezi iwili ndikanakaima pamaso pa anthu n'kunena bodza ndi mtima wonse. Cholakwa china ndi changa, ndinayenela kukhala pansi n'kuyang'ana ndekha m'malo momvela za pafoni. Manambala sanawonongeke, tingowatembenuza. Koma bambo aja tiwatembenuza bwanji?"

Tsiku lomwelo anatuma a Njovu ndi galimoto ku Nyimba, ndi kalata yopepesa.

Januwale, ndi zaka zitatu zotsatila

A Sakala anabwelela. Ndinawapepesa m'labu, chitseko chili chotseka. Anamvetsela mpaka ndinamaliza, kenaka anandiuza za timabotolo tija. Akazi awo sankakhulupilila kuti mwamuna angalembedwe nchito yoyang'ana fumbi. Ankati ku Petauke kuli mkazi, ndipo mkaziyo ndi amene amadzitsekela naye m'chipinda tsiku lonse. Ineyo! Ndiye ankatenga zotsala kukawaonetsa pa galasi lokulitsa zinthu kuti mtima ukhale pansi. Pamaso pa a Njovu sakanatha kunena zimenezo ine ndili pomwepo. Ndinaseka, koma misozi ikutuluka.

"Za nchito zatha," anatelo. "Chatsala chimodzi. Ku mpingo kalata ya a Dokotala anaiwelenga, koma akuti mabwana amabisilana. Akuti amene anaona ndi maso ndi amai Tembo. Mutabwela Lamulungu lina n'kuima kutsogolo, mawu awili okha, angandibwezele pa mpando wanga."

Ndinalonjeza. Ndinati mvula ikatha. Mvula itatha ndinati tikakolola. Kenaka Mabvuto wanga anadwala, kenaka ukwati wa Tisauke. Zifukwa sizinkasowa, koma chenicheni chinali chimodzi: ndinkaona m'maganizo azimai a nthochi aja atakhala m'mabenchi, akugwilana pamapewa. A Sakala anandikumbutsa kawili, kachitatu sanatelo. Tinagwila limodzi zaka zitatu, tinamaliza ndodo yonse ya matope ndi inanso, ndipo mzele woona unatuluka, maina athu awili ali pa lipoti. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni ndi ulemu wonse. Koma nyimbo zija sanang'ung'udzenso, ndipo ine amene zinkandinyansa ndinayamba kuzisowa. Labu itatsekedwa anabwelela ku Nyimba, ine n'kumati ndidzapita.

Chaka chatha, Julayi

Uthenga wa malilo a bambo Sakala unandipeza ndili kumunda ndikukumba nshawa. Ndinapita. Tili kumanda, azimai awili kumbuyo kwanga ankanong'onezana. Wina anafunsa chifukwa chimene akulu a mpingo sananyamule bokosi monga amachitila ndi mnzawo. Mnzakeyo anati, "Simudziwa? Ndi aja anaba golide ku Petauke."

Ndinatembenuka n'kunena mokweza kuti ndi bodza, sanabe kanthu, wolakwa ndinali ine. Anthu anandiyang'ana ngati ndapenga, wina n'kundikoka chitenje kuti ndikhale pansi, abusa akupemphela. Mawu amene akanagwila nchito m'tchalitchi mwini wake ali moyo, kumanda anangokhala phokoso.

Lamulungu lotsatila ndinabwelelanso ku Nyimba, ndinapempha mpata, ndipo ndinaima kutsogolo. Ndinanena zonse, za diso, za nkhono, za Sasare zimene sanandifunse. Palibe anaseka. Sizinatenge ndi mphindi zisanu zomwe.

Titatuluka, amai Sakala anandiitanila kuseli kwa tchalitchi. Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala, fumbi loyela lili pansi pake.

"Ankakasunga m'jekete la ku tchalitchi," anatelo. "Ankati tsiku limene mudzabwela adzakupatsani okha, museke nonse. Lamulungu lililonse basi ya ku Petauke ikaima, ankachedwa kulowa, ati akupunga mphepo."

Ndinatambasula dzanja kuti ndilandile. Iwo sanandipatse msanga. Anandiyang'ana kaye kuyambila kumutu mpaka kumapazi.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, amai Tembo," anatelo. "Petauke ndi patali chonchi?"